Mwana wapeza mayunitsi 38 pa Giredi 7: chavuta n'chiyani m'sukulu za boma?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, lokeshoni ya mu Harare ku Zimbabwe. Iwo alemba kuti: "Mwana wanga woyamba walemba Giredi 7 pa sukulu ya boma ya kwathu kuno ndipo wabwera ndi mayunitsi 38. Sajomba, fizi ndimalipira ngakhale mochedwa, ndipo chaka chomalizachi ndinkamulipirira ma extra, maphunziro owonjezera aja. Bambo ake akuti aphunzitsi a masiku ano ndi aulesi. Achemwali anga akuti n'chifukwa choti sanapite ku ECD, sukulu ya mkombaphala. Ine ndinaphunzira pa sukulu yomweyi ndipo tinkakhoza. Chalakwika n'chiyani? Ndili ndi wina wa zaka zinayi. Kodi ndimupititse ku makoleji a pulayiveti amene adzaza m'malokeshoni muno?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba mosabisa mawu. Ntchito yanga yakhala ya kuphunzitsa ana aang'ono kuwerenga ndi kuthandiza aphunzitsi awo, ndipo funso lanuli ndimalimva kwa makolo ambiri muno mu Harare. Achemwali anu ayandikira pamene pali vuto kuposa bambo a kunyumba, ngakhale nawonso sanafike penipeni. Mayunitsi 38 aja, amene akusonyeza kuti sanakhoze bwino poti pa mayesowa wokhoza kwambiri ndi amene amapeza mayunitsi ochepa, mwawaona mu Giredi 7, koma ndikukhulupirira kuti anayamba kale, mwana ali Giredi 1 kapena 2. Ndalama za ma extra zinafika zinthu zitapita kale patali.

Musanandikhulupirire, yesani izi Loweruka likubwerali. Bwerekani buku la Chingerezi la Giredi 3, mukhale naye pakhonde awiriwiri, bambo ake ndi mng'ono wake asakhalepo kuti asachite manyazi. Mupatseni ndime imodzi awerenge mokweza. Ngakhale Chingerezi chitakhala kuti inu chimakuvutani, makutu anu akuuzani. Mwana wodziwa kuwerenga mawu amangoyenda, amapuma pamene pali mpumiro, ndipo mukatseka buku n'kumufunsa kuti nkhaniyi ikuti chiyani, amakufotokozerani m'Chishona kapena m'Chichewa mosavuta. Mwana amene anaphonya poyambira amaika chala pansi pa liwu lililonse, amatchula chilembo choyamba n'kungolota zotsalazo, amathamangira pa chithunzi kuti chimuthandize, kenako amakuyang'anani kumaso kuti aone ngati wakhoza. Akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala mmene chinayambira, pakuti mphamvu zake zonse zathera pa kulimbana ndi zilembo. Mwana wotereyu nzeru ali nazo. Mukamutuma kukagula buledi ndi mafuta amabwera ndi chenji chokwana, ndipo wa kombi sangamubere. Koma pa mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso m'dziko muno, mafunso onse amabwera olembedwa. Samu zimabwera ngati nkhani, sayansi ndi ulimi zimabwera ngati ndime za Chingerezi, ngakhale Chishona chomwe n'cholemba. Akapunthwa pa kuwerenga amapunthwa m'maphunziro onse nthawi imodzi, n'chifukwa chake mayunitsi amakwera chonchi.

Mwana wanu sali yekha. Mu 2019 bungwe la boma loona za ziwerengero la ZIMSTAT, mothandizana ndi UNICEF, linachita kafukufuku wa m'makomo wotchedwa MICS. Anayesa ana a zaka 7 mpaka 14 powapatsa kankhani kosavuta ka m'makalasi oyambirira kuti awerenge ndi kuyankha mafunso. Amene anakwanitsa anali pafupifupi 44 mwa ana 100 alionse. Pa samu zoyambirira anali mwana mmodzi mwa anayi. Tsono musadabwe kuti pa Fomu 4 amene amapeza maphunziro asanu ndi C kapena kuposa, zaka zambiri amakhala mmodzi mwa atatu, mwinanso kucheperapo. Kumbukiraninso kuti kafukufukuyu anachitika Covid isanabwere. Sukulu zinatsekedwa mu March 2020 ndipo zinakhala zikutsekulidwa ndi kutsekedwa mpaka mu 2021. Ana amene alemba Giredi 7 mu 2024 ndi 2025 anali mu Giredi 3 ndi Giredi 2 nthawi imeneyo, zaka zenizeni zimene kuwerenga kumakhazikika m'mutu. A m'mayadi anapitiriza pa kompyuta. A kwathu kuno ankalandira ntchito pa WhatsApp pa foni ya amayi, imene masana onse inali ku msika, ndipo data ikatha sukulu imathera pomwepo.

Tiyeni tilowe m'kalasi ya Giredi 2 pa sukulu ya m'lokeshoni kuti muone mmene mwana amatayikira aliyense akuona. Zipinda n'zochepa, choncho pali hot seating: gulu lina limalowa m'mawa, lina masana, ndipo amene akudikira chipinda amakhala pansi pa mtengo kapena kuseri kwa khoma, makope ali pamaondo. Pa pepala mphunzitsi mmodzi amayenera kukhala ndi ana 40, koma kupeza oposa 50 si zachilendo. Mphunzitsi amalemba mawu pabolodi, amaloza ndi kamtengo, kalasi yonse n'kuyankha pamodzi mokweza. Mukamadutsa panja mumamva ngati ana onse akuwerenga. Amene akuwerengadi ndi asanu kapena khumi a kutsogolo. Enawo amadikira kamphindi kochepa kwambiri kuti amve mawu a anzawo, n'kulowa nawo m'nyimboyo. Amaloweza tsamba lonse, moti mukawatsegulira buku lomwelo amalakatula osalakwitsa, koma mukalemba liwu limodzi la pa tsambalo papepala lina amangoliyang'ana. Kuti mphunzitsi agwire zimenezi afunika kumva mwana aliyense akuwerenga yekha, ndipo ndi ana 50 ndi theka la tsiku, nthawi imeneyo saipeza. Chaka chikatha onse amapita kalasi yotsatira, pakuti m'sukulu zathu kubwereza kalasi sikuchitika kawirikawiri. Kuyambira Giredi 3 kapena 4 silabasi imangoganiza kuti mwana amawerenga, ndipo palibenso amene amaphunzitsa zilembo.

Pamenepa pali chinthu chimene chimandiwawa. Ahedi amayamikiridwa kapena kudzudzulidwa potengera zotsatira za Giredi 7, choncho aphunzitsi amphamvu kwambiri amawaika mu Giredi 6 ndi 7. Makalasi a m'munsi amapatsidwa ongoyamba kumene kapena amene atopa. Makolo nafenso timatero: fizi ya Giredi 1 timaichedwetsa, koma Giredi 7 ikafika timagulitsa ndi nkhuku zomwe kuti tilipire ma extra ndi maphunziro a pa holide. Inu mukudziwa kuti nsima ikalakwika pa phala simungaikonze poomola. Ndikanakhala ndi mphamvu yosintha chinthu chimodzi chokha m'sukulu za mu Harare, ndikanatenga mphunzitsi wodziwa kwambiri pa sukulu iliyonse n'kumuika mu Giredi 1.

Mwanena kuti munaphunzira pa sukulu yomweyi ndipo munkakhoza. Ndikukhulupirira, ndipo apa m'pamene nkhani ya ndalama imalowera. Dziko litalandira ufulu mu 1980, boma linathetsa fizi ku pulayimale. Ana a ku pulayimale anachoka pa pafupifupi 820,000 mu 1979 n'kupitirira 2 miliyoni m'zaka zochepa chabe, ndipo sukulu za sekondale zinachoka pa 177 n'kupitirira 1,500 pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Aphunzitsi ankaphunzitsidwa ali pa ntchito kudzera mu ZINTEC. Abale athu ku Malawi anaona zofanana mu 1994 pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana oposa miliyoni analowa sukulu chaka chimodzi. Kutsegula chitseko kunali koyenera. Koma ana akachuluka mofulumira kuposa zipinda, mabuku ndi aphunzitsi, chimene chimavutika choyamba ndi kalasi ya m'munsi. Ndiyeneranso kukukumbutsani mwaulemu kuti ngakhale m'zaka zimene timazitama zija, okhoza maphunziro asanu pa Fomu 4 anali ochepa, osafika ndi theka lomwe. Timakumbukira anzathu amene tinakhoza nawo, ndipo amene anasiyira panjira n'kupita ku mafakitale a ku Workington ndi Southerton timawaiwala, chifukwa nthawi imeneyo ntchito inkawalandira.

Kenako kunabwera ESAP, ndondomeko yosintha kayendetsedwe ka chuma, mu 1991, ndipo fizi inabwereranso m'sukulu za m'tauni. Mu 2008 ndalama ya dziko inasanduka mapepala, aphunzitsi masauzande anawoloka kupita ku South Africa ndi ku Botswana, ndipo chaka chimenecho ana ambiri sanaphunzire kwenikweni. Pamene David Coltart anali nduna ya maphunziro, kuyambira 2009, thumba lothandizidwa ndi UNICEF ndi mayiko akunja linagawa mabuku pafupifupi 13 miliyoni m'sukulu za pulayimale, ndipo kwa kanthawi mwana aliyense anagwira buku lake. Mu 2017, nduna ili Lazarus Dokora, kunayamba silabasi yatsopano, ndipo ambiri a mabuku aja anatsalira m'makabati chifukwa sankagwirizananso ndi zophunzitsa. Kunabwera CALA, ntchito zimene mwana ankachita m'kati mwa chaka n'kuwerengeredwa pa mayeso, imene makolo ambiri muno anaimva m'thumba: kusindikiza, kugula data, ndipo m'nyumba zina ntchito ya mwana ankalemba ndi amalume. Mu 2024 silabasi ya 2017 ija inalowedwa m'malo ndi silabasi ina ya Heritage-Based Curriculum. M'masinthidwe onsewa muli mfundo zabwino, koma kusintha kulikonse kumafuna mabuku atsopano ndi kuphunzitsanso aphunzitsi, ndipo ndalama zake sizinkabwera limodzi ndi chikalata cholamula.

Mmene ndalama zimayendera lero ndi chonchi. Gawo lalikulu kwambiri la ndalama zimene boma limapereka ku unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale limathera ku malipiro a aphunzitsi. Choko, mabuku, mabilu a madzi ndi magetsi, kukonza zimbudzi, mlonda, kumanga chipinda chatsopano, pafupifupi zonsezi zimachokera ku levi imene makolo amalipira kudzera mu komiti ya chitukuko cha sukulu, SDC. Taganizani tanthauzo lake. Sukulu ya boma ya ku Mount Pleasant kapena ku Avondale ndi sukulu ya boma ya ku Mufakose zonse ndi za boma, aphunzitsi ake amalandira ku thumba limodzi, mwinanso anaphunzira koleji imodzi. Koma ina inalandira kuchokera m'nthawi ya atsamunda mabwalo, laibulale ndi zipinda zokwanira, pamene inali ya Group A ya ana a azungu, ndipo lero makolo ake amatha kulipira levi yaikulu pa nthawi yake. Inayo inali ya Group B, inamangidwira ana ochepa kuposa amene ilinawo lero, ndipo makolo ake ndi ogulitsa ku Mbare Musika, osoka, alonda, ogwira maganyu, amene amalipira pang'onopang'ono monga inu. Sukulu imene ana ake amafunika thandizo lalikulu ndi imene imakhala ndi ndalama zochepa. Mwa zonse zokhudza ndalama, ichi ndicho ndimachiona kukhala muzu.

Gawo 75 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limati mwana ali ndi ufulu wolandira maphunziro oyambirira olipiridwa ndi boma, ndipo lamulo la maphunziro limene linakonzedwanso mu 2020 limaletsa kubweza mwana chifukwa cha fizi. Lamulo limeneli ndi labwino ndipo mulidziwe. Koma ahedi amatsala pakati: mwana asabwezedwe, boma silinatumize zolowa m'malo, madzi akufuna kudulidwa. BEAM, imene inayamba mu 2001 kuti izilipirira ana amasiye ndi osauka, imafika mochedwa, nthawi zina patapita materemu angapo, ndipo ikafika m'ndalama ya dziko imakhala itachepa mphamvu. Sukulu imene ili ndi ana ambiri a BEAM imakhala ikuphunzitsa pa ngongole.

Tsono za ulesi zimene akunena bambo. Sindikana, alipo aphunzitsi amene anataya mtima, amalemba ntchito pabolodi n'kukhala pa foni. Alipo amene amasunga mitu yofunika ya silabasi kuti akaiphunzitse pa ma extra, ndipo khalidwe limeneli ndimadana nalo chifukwa limalanga mwana wa mayi wogulitsa matimati pa mlandu umene sanapalamule. Koma funsani mmene zinayambira. Mpaka mu 2018 mphunzitsi ankalandira pafupifupi madola a ku America 540 pa mwezi. Ndalama zitasinthidwa malipiro aja anasungunuka, ndipo kuyambira pamenepo mabungwe awo monga ZIMTA, PTUZ ndi ARTUZ akhala akulira kuti abwezeretsedwe. Mphunzitsi amene lendi yamukwana amagulitsa maswiti ndi maputi m'kalasi, amapita kukaoda katundu kumapeto kwa sabata, kapena amachoka m'dziko. Amene amachoka msanga ndi odziwa ntchito, makamaka a samu ndi sayansi. Ndimadziwanso ambiri amene amafika m'mawa ndi choko chogula ndi ndalama yawo, amene amadula makatoni kupanga makhadi a zilembo. Auzeni bambo kuti apite akaone kalasi tsiku limodzi lathunthu, kenako adzanene.

Nanga ECD? Achemwali anu akunena zoona kuti zaka zoyamba n'zofunika kwambiri. Komiti imene inatsogoleredwa ndi Caiphas Nziramasanga, imene inapereka lipoti lake mu 1999, inalimbikitsa kuti maphunziro a mkombaphala akhale mbali ya sukulu, ndipo kuyambira 2004 sukulu za pulayimale zinalamulidwa kukhala ndi makalasi a ECD. Lero pali ECD A ndi ECD B mwana asanalowe Giredi 1. Pa pepala Zimbabwe ili patsogolo pa mayiko ambiri. Koma kafukufuku wa 2019 uja anapeza kuti mwa ana a zaka 3 ndi 4, amene ankapita ku maphunziro oterewa sankafika ndi mmodzi mwa atatu. Aphunzitsi a ECD olipidwa ndi boma ndi ochepa, ndipo m'sukulu zambiri makolo ndiwo amalipira wothandizira wosaphunzitsidwa ntchitoyi.

Komanso kireshi ndi kireshi zimasiyana. Ndalowamo m'zina za kuseri kwa nyumba mmene ana 30 adzazana m'galaja, TV ikulira tsiku lonse, ndipo chimene makolo amanyadira n'choti mwana amatchula masiku a sabata m'Chingerezi ndipo kumapeto kwa chaka adzavala gauni ya graduation. Kuloweza kumeneko n'komwe kuja tinaona mu Giredi 2, kwangoyamba msanga. Chimene mwana wa zaka zinayi amafunika ndi kuyankhulidwa ndi kuyankha, kumva nthano n'kuifotokozanso m'mawu ake, kuzindikira kuti mawu akuti mbuzi ndi mbale amayamba ndi kamvekedwe kofanana, kuwerenga miyala ndi zitsekerero za mabotolo akuzigwira, kugwira pensulo, kudikira mpata wake, ndi kudya. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, m'zaka za m'ma 1980, azaumoyo ankayendera mabanja osauka a ana opinimbira kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, kuphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20, ana amenewo ankapeza ndalama zoposa za anzawo amene sanayenderedwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Munalibe nyumba yokongola m'nkhani imeneyo, munalibe yunifolomu. Munali munthu wamkulu amene ankakhala pansi ndi mwana.

Za chakudya musazipeputse. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi wopinimbira chifukwa cha kuperewera kwa zakudya, ndipo izi zimakhudza ubongo. Mwana wa gulu la masana amene wachoka kunyumba atangomwa tiyi wopanda chomwera, atayamba waima pa mzere ku mjigo, pofika ola lachiwiri m'kalasi maso amakhala pa bolodi koma mutu ulibe mphamvu. Phala la mtedza m'mawa limachita zambiri kuposa mmene timaganizira.

Ife a Chichewa tili ndi katundu wina wapadera. Gawo 6 la malamulo a 2013 limatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, koma m'sukulu zambiri za mu Harare chilankhulo cha makolo chimene chimaphunzitsidwa ndi Chishona. Mwana amene akuleredwa ndi agogo ku Mbare, ku Tafara kapena ku Rugare amamva Chichewa m'nyumba, Chishona pa msewu ndi m'kalasi, n'kudzalemba mayeso m'Chingerezi. Makolo ena poona izi amaleka kuyankhula Chichewa ndi ana, n'kumawayankhula Chingerezi chodukaduka. Musatero, mayi. Mwana amafunika chilankhulo chimodzi chozama, chimene angafunsiremo kuti chifukwa chiyani, chimene angakanganiremo ndi kusekeramo, ndipo chimenecho mungamupatse m'chilankhulo chimene inu mumachidziwa bwino. Mwayi wathu ndi woti Chichewa ndi Chishona zimalembedwa mmene zimamvekera, ndipo zonse zimayenda pa a, e, i, o, u. Mwana akagwira ba, be, bi, bo, bu m'chimodzi, wagwira m'chinzake, ndipo amapita ku Chingerezi akudziwa kale kuti zilembo zimayimira mamvekedwe. Nthano za agogo za kalulu ndi fisi, buku la nyimbo la ku mpingo mukuliloza ndi chala pamene mukuimba, zonsezi ndi ECD yeniyeni imene ili kale m'nyumba mwanu.

Katundu wina ndi wa zitupa. Lamulo la unzika la 2001 linasiya mabanja ambiri ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique opanda mapepala, ndipo kholo lopanda chitupa limavutika kutengera mwana sitifiketi ya kubadwa. Ndaonapo ana anzeru akufooka mu Giredi 6 chifukwa akudziwa kuti polembetsa mayeso pafunika pepala limene kwawo kulibe. Gawo 43 la malamulo a 2013 limati amene anabadwira muno malamulowo asanatuluke, kholo lake limodzi lili nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika mobadwa. Ngati wa zaka zinayiyo sitifiketi alibe, yambani kuyendera tsopano, musadikire kuti sukulu ikufunseni.

Tifike pa makoleji a pulayiveti. Achuluka chifukwa mzinda unakula koma sukulu sizinamangidwe molingana. Ku Hopley ndi ku Caledonia, kumene anthu ambiri anakakhala pambuyo pa Murambatsvina wa 2005, pamene boma linagwetsa nyumba zambiri m'malokeshoni, ndiponso ku Epworth, makolo ambiri alibe kwina kopita. Alipo makoleji abwino, a aphunzitsi odziwa ntchito amene anatopa ndi malipiro a boma. Alipo ambirinso amene ndi nyumba chabe yokhala ndi chikwangwani cha dzina lokoma la Chingerezi, ophunzitsa ake ali achinyamata amene angomaliza Fomu 6. Yunifolomu yokongola isakunyengeni. Pemphani kuona chikalata cholembetsera ku unduna. Funsani ngati ali ndi nambala yawo ya malo olembera mayeso a ZIMSEC, chifukwa zamvekapo kangapo kuti ana alipira ndalama za mayeso koma tsiku lolemba n'kupeza kuti mayina awo kulibe. Kwa inu amene muli ku Mufakose, kumene sukulu za boma ndi za khonsolo zilipo, ine ndinganene kuti mwana akhale ku boma, kumene aphunzitsi ambiri anapita ku koleji, ndipo ndalama imene mukanawonjezera ku pulayiveti igwire ntchito ina.

Kwa wamkuluyu mwayi sunathe. Mukaona kuti kuwerenga kukumuvuta, bwererani naye pamene anatsalira, ngakhale patakhala pa mlingo wa Giredi 2. Bungwe la Pratham ku India linaonetsa kuti ana akagawidwa potengera zimene akudziwa, osati kalasi imene alimo, n'kuphunzitsidwa kuyambira pamenepo ola limodzi pa tsiku, ambiri amagwira kuwerenga m'miyezi yochepa. Ku Zambia njira yomweyi ikuyenda m'sukulu za boma pa dzina loti Catch Up, ndipo kuno kwathu kuli PLAP imene cholinga chake n'chofanana, ngakhale m'sukulu zambiri imangokhala m'mafayilo. Akayamba Fomu 1, pitani kwa mphunzitsi wake wa Chingerezi sabata zoyambirira, mumuuze zimene munaona pakhonde paja. Ngati mukufuna kulipira munthu, lipirani woti amuphunzitse kuwerenga, kusiyana ndi womulowezetsa mapepala a mayeso akale. Kunyumba, mphindi 20 tsiku lililonse dzuwa lisanalowe, poti magetsi sitingawadalire, awerenge mokweza buku losavuta limene angalimalize. Njira imene imachotsa manyazi ndi kumupempha kuti aziwerengera mng'ono wake. Iye aziona ngati akuthandiza mwana, pamene akudzithandiza yekha, ndipo wamng'onoyo akupindulanso. Mabuku akale a ana amapezeka motchipa kwa ogulitsa m'misewu ya m'tauni, ndipo Harare City Library ya pa Rotten Row ili ndi mbali ya ana. Ngati patapita miyezi itatu palibe kusintha, kamuyezetseni maso ndi makutu, ndipo pemphani ahedi kuti amutumize kwa akatswiri a unduna amene amayeza ana ovutika kuphunzira, pakuti ana ena zilembo zimawasokonekera pa chifukwa china chimene chimafuna thandizo lakelake.

Ndikupemphaninso kuti msonkhano wa pachaka wa SDC musamauphonye. Ambiri a ife timapita kukangomva kuti levi yakwera bwanji, n'kubwerako tikudandaula. Ndalamazo ndi zanu ndipo muli ndi ufulu wofunsa mmene zayendera. Ndaona sukulu zikusonkhetsa makolo zaka zingapo kuti zigule basi, pamene mu Giredi 1 ana asanu akulimbirana buku limodzi. Imirirani mufunse kuti chaka chino mabuku owerenga a ECD mpaka Giredi 3 agulidwa angati, mufunse kuti ndi ana angati a Giredi 2 amene amvedwa akuwerenga payekhapayekha, ndipo amene alephera akuthandizidwa liti. Mukapita amayi asanu mutagwirizana, funsolo lidzalembedwa m'maminitsi ndipo chaka chamawa mudzalifunsanso.

Za wamng'onoyo, pitani nokha mukaone kalasi ya ECD pa sukulu ya boma kapena ya khonsolo imene ili pafupi, nthawi ya maphunziro. Onani ngati ana akuyankhula kapena akungobwereza, ngati pali zinthu zoti agwire m'manja, ngati mphunzitsi amawerama n'kumvetsera mwana mmodzi, ngati chimbudzi chili ndi madzi. Funsani ngati mphunzitsiyo anaphunzira za ECD ku koleji. Zikakukhutiritsani lembetsani pomwepo, chifukwa malo a ECD m'sukulu zimenezi amatha msanga, choncho pitani teremu yachitatu isanathe, mutatenga sitifiketi yake ya kubadwa ndi khadi la ku sikelo.